Make Chisomo, matailosi ayambe adikira

Moni nonse pagulu pano. Make Chisomo, mwana wanga, funso lako ndalimva. Ukuti pa lesitilanti yako ya pa Chitakale anthu akuchepa chonsecho umaphika bwino, ndiye ukuganiza zotenga ngongole ku banki mkhonde kuti uike matailosi, ugule TV, uwonjezerenso chipisi ndi zakudya zina. Wafunsa ngati azakhali ako ndikuona kuti zingathandize. Ndilankhula motalikirapo, amene bandulo yatsala pang'ono mundikhululukire.

Ine ndikuti ayi, osati pano. Kuphika umatha, zimenezo palibe angatsutse, ndiwo zako tonse tinadyapo pa chinkhoswe chija. Koma tayamba waganiza, amadya kwa iwe masana ndi ndani? Si mlendo wokwera phiri ayi, ameneyo amangodutsa ulendo wa ku Likhubula kamba wake ali m'chikwama. Ako ndi dalaivala wa minibasi ndi kondakitala wake, anyamata a kabaza, mavenda a mumsika, mphunzitsi, ndi wina wa kuboma amene nthawi ya nkhomaliro ikatha ayenera kupezeka ali pa mpando wake. Anthu onsewa chimene alibe ndi nthawi. Dalaivala amadya khutu lili ku siteji. Akalowa n'kuuzidwa kuti nsima ili pamoto dikirani pang'ono, sakalipa, amangoti chabwino mayi tibweranso. Mawa lake akadya kwa mnzako wa kutsidya kwa msewu, ndipo iwe sudzadziwa chimene chamuchotsa. Ameneyo TV singamubweze.

Chimene ndinaona nthawi imene ndinkagwira kukhitchini ya malo ogona alendo kuja, n'kudzaonanso pa kantini yanga, n'chakuti munthu amabwerera kumene akudziwiratu chimene akapeze. Lolemba wapeza mitanda iwiri yaikulu, Lachitatu yaing'ono chifukwa ufa ukutha, Lachinayi mchere waposa chifukwa waphika ndi mtsikana wina, Lachisanu nyama yatha 12 koloko isanakwane. Tsiku lililonse palokha uli ndi chifukwa chomveka, koma kasitomala samva zifukwa, amangoona kuti pamalopa sipodalirika. Ndiye chipande chikhale chimodzi chomwecho, aliyense woomola agwiritse chomwecho. Chikho choyezera mpunga chikhale chimodzi. Mugwirizane kuti pa mbale ya nyama pamapita nthuli zingati, ndipo zikhale zomwezo kaya wabwera ndi bwana wa tayi kaya ndi mnyamata wa kabaza. Basela ukafuna kupereka, upereke iweyo mwiniwake, asamapereke wina aliyense kwa amene wamukonda.

Pamenepa pali nkhani ya mtengo. Ukukumbukira mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, mafuta ophikira, shuga, sopo, zonse zinakwera nthawi imodzi. Ambiri ogulitsa zakudya anaopa kukweza mtengo, m'malo mwake anayamba kuchepetsa mtanda mwakachetechete ndi kuthira madzi ambiri mu msuzi. Anthu si ana, amaona. Munthu amene wauzidwa poyera kuti bambo, zinthu zakwera, kuyambira Lolemba mbale idzakhala pa mtengo wakuti, amang'ung'udza tsiku limodzi n'kuzolowera. Koma amene wazindikira yekha kuti ukumubera pa chipande, mtima wake suchira msanga. Lemba mtengo pakhoma pooneka. Ngati ena sangakwanitse, ika mbale yaing'ono ya mtengo wake, yodziwika kuti ndi yaing'ono.

Tsopano masana aja. Kuyambira 12 koloko mpaka cha m'ma 2 koloko, ndalama za tsiku lonse zimalowa pamenepo, ndiye m'mawa wonse uzigwirira nthawi imeneyi. Ndiwo zonse zikhale zitapsa hafu pasiti 11. Nsima usaphike kamodzi n'kuisunga mpaka madzulo, imauma, koma usadikirenso kuti ithe kaye ndiye uteleke ina. Poto woyamba akafika pakati, madzi a wachiwiri akhale akuwira kale. Izi zikufuna moto uwiri, ndipo ngati pali chinthu choti ugule mwezi uno ndi mbaula yachiwiri, yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi matailosi.

Ukafika mawa, ukaime pakhomo ngati kuti ndiwe kasitomala, ulowe pang'onopang'ono. Usamba pati m'manja? Sopo alipo? Ukhala pati? Wakulonjera ndani? Uuza ndani chimene ukufuna, ndipo ulipira kwa ndani? Malo ambiri mtsikana mmodzi yemweyo ndiye akulandira ndalama, akuomola nsima, akuthamangira kukasinthitsa K5,000 ku golosale, anthu anayi ali chikhalire kumudikira. Wogwira ndalama asagwire chakudya. Tchenji chikonzedwe m'mawa. Nambala ya Airtel Money ndi ya Mpamba zilembedwe pakhoma kuti munthu asachite kufunsa. Ndipo ndowa ya mpopi ikhale panja pakhomo penipeni, madzi othira mankhwala, osati beseni limodzi losambamo aliyense. Kolera ija inayamba mu 2022 inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sitinaiwale. Alangizi a zaumoyo akabwera kudzayendera usamawaone ngati adani, afunse iweyo kuti akuuze chimene chikuperewera, ndipo chiphaso cha ku khonsolo chizikhala chamoyo.

Pepani foni inadula, ndikupitiriza.

Za kuwonjezera zakudya, make Chisomo, apa ndiye ndikukana kwambiri. Walira mvula walira matope. Chipisi chikufuna mbatatesi, mafuta ambiri, chiwaya, moto wake, ndi munthu wake woima pomwepo. Chakudya chilichonse chimene wawonjezera chimabwera ndi wogulitsa wake woti uzimusaka, ndi zotsala zake zoti uzitaya. Ndiwo zitatu zimene sizisowa tsiku lililonse zimaposa zisanu ndi ziwiri zimene kasitomala akafunsa mumayankha kuti zatha. Nyama kapena nkhuku, nsomba, nyemba kapena nandolo, masamba pambali, basi. Nandolo kwathu kuno ndi wosasowa, ndipo anthu amamukonda akaphikidwa bwino. Ena amachita naye manyazi ngati ndiwo za kumudzi, chonsecho ndi amene phindu lake limaoneka chifukwa suchita kumutenga kutali.

Ndiye tifike pamene ine ndikuganiza kuti vuto lako lagona, kuseri kwa khitchini. Unanenapo tsiku lina pagulu pano kuti umadzuka m'mamawa kupita mumsika kukagula za tsikulo ndi ndalama zimene wagulitsa dzulo. Ndiye kuti tsiku limene tomato wachedwa kufika, nawenso wachedwa. Tsiku limene chigayo chilibe magetsi, ulibe ufa. Mbale ya kasitomala imayambira kutali, kwa mlimi wa ku Bvumbwe, kwa wopikula chimanga ku Limbuli, kwa msodzi wa matemba ku Chilwa, kwa woyendetsa lole imene ikufuna dizilo. Pena pake pakaduka, zimaonekera pa tebulo pako.

Gawa katundu wako pawiri. Pali zosaonongeka msanga, chimanga, mpunga, nyemba, nandolo wouma, mchere, mafuta, sopo, nkhuni. Zimenezi usamagule tsiku ndi tsiku, ukungolemeretsa wogulitsa pang'onopang'ono. Chimanga ugule nthawi yokolola mtengo uli pansi, uthire mankhwala, matumba akhale pa thandala osati pansi. Ufa ukhale ndi wa masiku angapo patsogolo, ndipo upite kuchigayo thumba likafika pakati, osati likatha. Tinaona namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 anachoka nthawi imodzi, magetsi n'kumazima kwa maola ambiri kwa miyezi yochuluka. Amene ankagayitsa tsiku lomwelo ankagona pamzere kuchigayo. Pa chifukwa chomwechi usadzaze nyama mu filiji ngati kuti magetsi ndi ako. Nyama, nsomba zaziwisi, tomato ndi masamba, zimenezo ugule zochepa, pafupipafupi. Ndipo chimene chinayamba kulowa chiyambenso kutuluka, thumba latsopano lipite kumbuyo.

Pa katundu aliyense wofunika ukhale ndi anthu awiri okubweretsera, wamkulu ndi wachiwiri, ndipo wachiwiriyo uzimugulako ndithu mwa apo ndi apo kuti akudziwe. Asachokerenso njira imodzi. Namondwe Freddy atabwera mu Malichi 2023, milatho itakokoloka, misewu itaduka kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe, amene ankadalira mbali imodzi yokha anakhala manja ali m'khosi. Taonanso za nthochi. Tikukula ife, nthochi za ku Thyolo zinkadzaza malole kupita ku Blantyre mpaka ku Lilongwe, palibe ankaganiza kuti zingasowe. Matenda a chisaka atalowa minda yambiri inatha, dziko n'kuyamba kudya nthochi za ku Mozambique ndi ku Tanzania. Nditakhala iwe ndingakhale ndi mayi mmodzi wa dimba wa pafupi pompo amene angabwere ndi njinga kapena wapansi, kuwonjezera pa amene amapikula ku Bvumbwe.

Anthu amenewa uwalipire pa tsiku limene mwapangana. Ndikunena izi mobwereza. Katundu akasowa, wogulitsa amayamba wasungira amene samuvutitsa pa ndalama. Koma kulipira bwino kukupatsenso mphamvu yokana. Dengu la tomato ulitsanule pomwepo iye akuona, chifukwa wabwino amakhala pamwamba. Nyama uinunkhize, nyemba uone ngati zafumbwa, mpunga uone miyala. Chimene wachilandira pakhomo ndi chimene kasitomala adzatafune. Ukabweza kamodzi mwaulemu, ulendo wina adzakusankhira yekha.

Za moto, makala ukudziwa kuti malamulo a nkhalango anakhwima, ndipo tsiku limene agwidwa pamsewu mtengo umakwera kawiri. Phiri lathu nalonso taliona mmene layerera. Chitetezo mbaula imadya nkhuni zochepa, ndipo mitengo ya nandolo akakolola imayaka bwino, uzigula kwa alimi n'kuunjika pouma mvula isanayambe.

Tsopano chinthu chimene ndikufuna uyambe mawa lomwe, ndipo sichifuna ngongole. Gula kope. Madzulo aliwonse ulembe mbale zingati zagulitsidwa, ndiwo ziti zinatha ndipo zinatha nthawi yanji, chatsala n'chiyani, ndi anthu angati analowa n'kutuluka osadya. Womalizayu ndiye wofunika kwambiri, uuze atsikana aziwerenga. Pakatha milungu ingapo kopelo lidzakuuza lokha kuti tsiku la msika uphike zochuluka bwanji, masiku amene a m'maesiteti alandira uwonjezere nyama ingati, pakati pa mwezi uchepetse bwanji. Kuno malonda amayenda ndi tiyi. Mvula ikagwa, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, tiyi amaphuka kwambiri, maesiteti amalemba anthu ambiri otchola, ndalama zimayenda. Nthawi yomweyonso ndi imene chimanga chimakwera mtengo, tomato amavuta, ndipo mtsikana wako angathe kukusiya kupita kukatchola. Zonsezi zimabwera chaka ndi chaka, ndiye usamadzidzimuke nazo, uzikonzekera mu Okutobala.

Uziyang'ananso mbale zikamabwerera kotsukira. Ngati masamba akubwerera osakhudzidwa kwa anthu atatu anayi, pali chimene chalakwika, kalawe. Wina akadandaula kuti wapeza mwala mu mpunga, osayamba kufotokoza za kumene unagula. Pepesa, sintha mbale, ukafufuze pambuyo. Wodandaula ndi amene akufunabe kubwera.

Atsikana ako uwasamale. Adye bwino, malipiro asachedwe, ndipo akalakwitsa usawakalipire pamaso pa anthu, muzikambirana mukatseka. Nkhope imene kasitomala amaiona ndi yawo, iwe nthawi zambiri uli kumoto. Aliyense adziwe ntchito ya mnzake, kuti wina akapita kumaliro malo asaime.

Ngongole za chakudya, za aphunzitsi ndi ena olipira pakutha pa mwezi, sindikuti uleke, ndi makasitomala okhazikika amenewo. Koma pakhale malire a munthu aliyense, alembe yekha m'buku n'kusaina, ndipo wa mwezi watha asanamalize asayambe watsopano. Ndipo abale anga muli pagulu pano, ndikupempha ndi ulemu wonse, tikapita kukadya kwa mwanayu tizilipira. Mbale imene tadya ulere ndi mpamba wake umene tachotsa, ndipo iye sangatiuze chifukwa amatilemekeza. Akafuna kutipatsa chakudya atiitanira kunyumba.

Matailosi adzabwera, sindikukaniza mpaka kalekale. Kope likadzaonetsa kuti anthu akubwerera chifukwa chosowa pokhala, osati chifukwa chakudya chachedwa kapena chatha, pamenepo tidzakambirana zokulitsa, mwinanso ndi phindu lako lomwe osati la chiwongoladzanja. Pakadali pano pansi pakolopedwe kawiri patsiku, matebulo apukutidwe munthu akangonyamuka.

Pakatha milungu iwiri unditumizire chithunzi cha masamba a kopelo kumbali, tidzaonere limodzi. Undiuzenso amene amakubweretsera nyama ndi mmene mumalipirana, chifukwa pamenepo sunanenepo kanthu. Upereke moni kwa bambo a Chisomo.