Inde, tisaine, koma lamulolo liyambire kumene zonyansa zikuchokera

Mayi, funso lanu ndaliwerenga mofatsa. Mwafunsa ngati kuli koyenera kuti ife a m'gulu lino la anthu ochokera ku Malawi okhala kuno ku Zimbabwe tisaine nawo chikalata chopempha Nyumba ya Malamulo ya dziko lino kuti ikhwimitse malamulo oteteza madzi a m'nyanja ya Chivero, ndipo mwanena kuti mantha anu ndi akuti malamulo okhwima amathera pa asodzi ndi pa amayi olima m'madambo, kenako n'kudzatikwezera bilu ya madzi. Mantha amenewo ali ndi maziko ndipo sindikuwapeputsa. Komabe yankho langa ndi lakuti tisaine, ndipo tikasaina tisakhale chete, tinene momveka kuti lamulolo liyambire kumene zonyansa zambiri zikuchokera.

Chimene ambiri a ife sitichiganizira ndi malo amene mzinda uno unakhala. Nyanja ya Chivero, imene kale inkatchedwa McIlwaine, inapangidwa mu 1952 potseka mtsinje wa Manyame, ndipo ili kumunsi kwa Harare. Izi zikutanthauza kuti madzi ambiri ochoka m'nyumba zathu, m'misewu ndi m'mafakitale amatsetserekera komweko. Mukuvisi amayambira ku Cleveland Dam n'kudutsa pafupi ndi Mbare ndi mafakitale a ku Graniteside, Marimba amatenga za kumadzulo kwa mzinda, Nyatsime amabweretsa za ku Chitungwiza, ndipo mitsinje yonseyi imakathera m'nyanja imodzi. Madzi omwewo ndiwo amapopedwa kupita ku Morton Jaffray, kumene amathiridwa mankhwala n'kubwezedwa m'mipopi yathu. Mizinda yambiri imatunga madzi kumtunda n'kutaya zonyansa kumunsi, koma ife timatunga kumene tatayira, choncho ulesi uliwonse pa nkhani ya suweji umatibwerera m'kapu yomwera.

Malo aakulu oyeretsera suweji ndi awiri, Firle ndi Crowborough. Firle anamangidwa kuti azilandira malita pafupifupi 144 miliyoni patsiku, Crowborough 54 miliyoni, ndipo kwa zaka zambiri akhala akulandira zoposa mphamvu zawo pamene makina ena ali akufa. Suweji yosayeretsedwa bwino imakhala ndi mchere wa mitundu iwiri, naitrojeni ndi fosiforasi, womwewo umene timagula m'thumba la feteleza. M'munda mchere umenewu umakulitsa chimanga, pamene m'nyanja umakulitsa ndere ndi namasupuni, chomera chomwe chija chimavutitsa pa mtsinje wa Shire kwathu mpaka kutseka makina a magetsi ku Nkula. Ndere ikachuluka n'kufa imawola pansi pa madzi, ndipo powola imatha mpweya umene nsomba zimapuma. Umo ndi mmene nsomba zambirimbiri zinafera mu Chivero mu 1996.

Ine ndimakhala ku Mufakose, ndipo madzi akabwera usiku timadzuka kudzaza ndowa ndi zigubu monga mmene nonse mumachitira. Tsiku lina ndinasiya ndowa yoyera itavundikiridwa mpaka m'mawa. Nditavundukula ndinapeza pansi pake patakhala matope obiriwira, oterera ngati therere, ndipo fungo lake linali la madzi a pa dziwe. Mdzukulu wanga anaima pambali panga atagwira kapu, akudikira kuti ndimutungire. Ndinamuuza kuti adikire, koma m'nyumbamo munalibe madzi ena oti ndimupatse mpaka amayi ake atabwera kuchokera ku mjigo, kumene anaima pa mzere kuyambira tambala woyamba.

Mu Disembala 2024 a ZimParks, bungwe loyang'anira nyama zakuthengo, analengeza kuti zipembere zinayi zafa zitamwa madzi a m'nyanjayi, pamodzi ndi mbidzi, nyumbu ndi nkhwazi, ndipo usodzi unaletsedwa. Chimene chinazipha ndi poizoni wotuluka mu ndere ya mtundu wa cyanobacteria. Pano ndikupempha aliyense amvetse bwino, chifukwa ambiri timakhulupirira kuti madzi akawira ndiye kuti zonse zatha. Kuwiritsa kumapha tizilombo ta kolera ndi tayifodi, ndipo tisasiye kuwiritsa, koma poizoni wa ndere ameneyu satha ndi moto wa pa mbaula. Chipembere ndi nyama yolemera kuposa anthu makumi awiri, ndiye taganizirani za mwana wa zaka zitatu. Za kolera sindikufuna kuchulukitsa mawu, poti maliro ake tinawalira tokha. Mliri wa 2008 mpaka 2009 unapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, Budiriro ndi Chitungwiza zili pakati pa madera amene anavutika koposa, ndipo mu 2018 unabwereranso ku Glen View ndi ku Budiriro komweko. Mu Seputembala 2019 Morton Jaffray anatsekedwa kwa kanthawi chifukwa chosowa mankhwala oyeretsera, ndipo chifukwa chimene mankhwalawo amafunikira ambiri chotere n'chakuti madzi ochokera m'nyanja amafika ali oipa kale.

Wina m'ndemanga zapamwambazi wanena kuti malamulo alipo kale, ndiye atsopano ndi a chiyani. Akunena zoona kuti alipo. Malamulo aakulu a dziko a 2013, m'gawo 73, amapatsa munthu aliyense ufulu wokhala pa malo osawononga thanzi lake, ndipo gawo 77 limanena za ufulu wa madzi abwino akumwa. Pali Environmental Management Act ya 2002 imene inakhazikitsa bungwe loyang'anira zachilengedwe la EMA, palinso Statutory Instrument 6 ya 2007 imene imaika madzi otayidwa m'magulu anayi potengera kuopsa kwake, kuyambira a buluu mpaka ofiira, ndipo wotaya zoopsa kwambiri amalipira ndalama zambiri. Vuto limene ine ndimaliona lili pa kulipirako. Ngati chindapusa chili chotsika kuposa mtengo womangira malo oyeretsera madzi pa fakitale, mwini fakitale amachiwerengera pamodzi ndi bilu ya magetsi, amalipira, ndipo mawa lake paipi yake ikupitiriza kulavulira mu Mukuvisi. Choipa china ndi chakuti suweji yambiri yolowa m'nyanja imachokera ku mapaipi ndi malo oyeretsera a makhonsolo, amenenso ndi omwe amatigulitsa madzi. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Khonsolo ikalipitsidwa chindapusa, ndalamayo imatuluka m'thumba la ife olipira misonkho, ndipo suweji imakhala ikuyendabe.

N'chifukwa chake ndikuti kusaina kokha sikukwanira, tiyenera kunena chimene tikufuna kuti chilembedwe. Chachikulu kwa ine ndi chakuti ndalama zimene timalipira pa suweji ndi zindapusa za owononga madzi zisungidwe padera mwa lamulo, zizigwira ntchito yokonza Firle, Crowborough ndi malo oyeretsera a ku Chitungwiza basi, ndipo chaka chilichonse pazituluka lipoti loti aliyense awerenge. Khoti likhale ndi mphamvu yolamula kuti paipi yakuti ikonzedwe pofika tsiku lakuti, ndipo mkulu amene wanyozera lamulolo ayankhe yekha, asabisale kumbuyo kwa dzina la ofesi. Kwa mafakitale, wobwereza mlandu atsekeredwe mpaka atamanga poyeretsera pake. Ndikufunanso kuti zotsatira za kuyeza madzi a m'nyanja ndi a m'mipopi zizilengezedwa mwezi ndi mwezi pa wailesi ndi pa intaneti, kuti tisamadikire kumva za imfa ya zipembere kuti tidziwe mmene madzi athu alili.

Kuti lamulo limatha kuchiritsa nyanja, umboni wake uli mu Chivero momwemo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 nyanjayi inali itadwala kale ndere chifukwa cha suweji ya mzinda. M'zaka za m'ma 1970 anakhwimitsa malamulo a madzi otayidwa, ndipo madzi ochoka m'malo oyeretsera anayamba kuthiriridwa m'minda ya msipu wa ng'ombe m'malo mowatayira mumtsinje. Fosiforasi m'nyanja anatsika, madzi n'kuyamba kuyera. Zinadzabwerera m'mbuyo pamene anthu anachuluka koma malo oyeretsera osakulitsidwa mokwanira ndiponso osasamalidwa. Choncho njira yake ndi yodziwika ndipo inayesedwapo pa nyanja yomweyi.

Tsopano ndifike pa mantha anu, Mayi, chifukwa ndi pamene pagona nkhani kwa anthu athu. Msodzi wa ku Norton, tawuni ya pafupi ndi nyanjayi, amene analetsedwa kuponya ukonde sindiye anaipitsa madzi, koma ndiye anayamba kugona ndi njala, pamodzi ndi amayi amene amagula nsomba kwa iye kukagulitsa ku Mbare. Lamulo lofooka silinamuteteze, linangomusiya kuti alipire mlandu wa ena. Chimene chingamubwezere ntchito ndi madzi oyera, choncho lamulo lolunjika pa suweji ndi lake iyeyo kuposa wina aliyense, ndipo tipemphe kuti nthawi imene nyanja yatsekedwa asodzi okhala ndi ziphaso azithandizidwa kuchokera ku zindapusa za owonongawo.

Za madambo ndiyenera kunena zoona ngakhale zitikhudze tokha. Ambiri a ife timalima chimanga ndi mbatata m'mphepete mwa timitsinje, ndipo lamulo loletsa kulima mkati mwa mamita 30 kuchokera pa gombe lilipo kale. Dambo ndi sefa ya mzinda: limasunga madzi a mvula, limagwira matope ndi feteleza, kenako limatulutsa madzi pang'onopang'ono m'chilimwe. N'chifukwa chake dambo la Monavale Vlei, kumtunda kwa Marimba, pamodzi ndi Cleveland Dam ndi Chivero, zili pa mndandanda wa malo otetezedwa a mgwirizano wa maiko woteteza madambo wotchedwa Ramsar kuyambira 2013. Tikalima mpaka m'madzi timang'amba sefayo, ndipo izi tiyenera kuzivomera. Koma si chilungamo kuthyola chimanga cha mayi wamasiye pamene pa dambo lomwelo pakukwera nyumba za njerwa ndi masitolo okhala ndi mapepala onse. Lamulo limene ndingaliikire kumbuyo ndi loyamba kuletsa konkire pa dambo, kenako n'kupezera olima malo ena asanawachotse. Kwathu ku Salima, pa chilumba cha Mbenji, asodzi amalemekeza nyengo yotseka usodzi imene mfumu Makanjira ndi anthu ake amayang'anira, chifukwa lamulolo limagwira aliyense mofanana ndipo phindu lake amaliona m'maukonde nyanja ikatsegulidwa.

Pa nkhani ya bilu, sindingakulonjezeni kuti siidzakwera, poti kukonza mapaipi okalamba kumadya ndalama. Koma tawerengani zimene mukulipira kale: madzi ogula m'zigubu, makala kapena gasi wowiritsira, mapiritsi othira m'ndowa, ulendo wa ku chipatala mwana akatsegula m'mimba, ndi tsiku la ntchito lotayika pa mzere wa pa mjigo.

Ndaonanso ena akulemba kuti ife ndife alendo, nkhani za Nyumba ya Malamulo tizisiyire eni dziko. Abale anga, makolo athu anagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mafakitale a dziko lino, ndipo ambiri a ife tinabadwira ku Mbare, Highfield, Mabvuku ndi Dzivarasekwa. Gawo 149 la malamulo aakulu limapatsa nzika iliyonse komanso aliyense wokhala ndi chilolezo chokhazikika ufulu wopereka pempho ku Nyumba ya Malamulo, ndipo gawo 141 limalamula kuti anthu azifunsidwa maganizo pa mabilu amene akukambidwa. Musanasaine, werengani chikalatacho mpaka kumapeto, ndipo ngati sichikutchula suweji ya makhonsolo ndi zomanga pa madambo, uzani amene akuchiyendetsa kuti awonjezere. Komiti ya aphungu ikadzalengeza tsiku lomva maganizo a anthu, amene adzayambe kuona chilengezocho achiike m'gulu muno kuti tidzapite ambiri. Ine ndidzanyamula botolo la madzi a mu mpopi wa kwathu amene agona usiku umodzi, ndipo ndikupempha a ku Budiriro, Glen View ndi Chitungwiza adzabweretsenso awo, aliyense atalembapo dzina la dera ndi tsiku limene anatunga.