Ndewu ya Loweruka ku bala, kalata ya saspenshoni Lolemba

Achimwene, uthenga wanu ndawerenga. Mwati ndinu dalaivala pa kampani ina ku Limbe zaka 7 tsopano, Loweruka madzulo munagwirana m'makolala ndi munthu pa bala ku Ndirande, wina anajambula, vidiyo yazungulira m'magulupu a WhatsApp mpaka yafika kwa abwana, ndiye Lolemba akupatsani kalata yokuimitsani kaye ndipo anzanu akuti ntchito yatha basi. Mukufunsa kuti za kumowa zikuwakhudza bwanji abwana poti munali mutaweruka.

Zimatha kuwakhudza ndithu, koma osati mwachisawawa. Employment Act ya 2000, lamulo la za ntchito la dziko lino, gawo 57, imati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka chokhudza khalidwe lake, luso lake, kapena zofunika pa kayendetsedwe ka kampani. Lamuloli silinanene kuti khalidwelo likhale la nthawi ya ntchito yokha, nchifukwa chake mabwana ena amapezerapo mpata, koma funso lalikulu limakhala lakuti zomwe munachitazo zikugwirizana pati ndi ntchito yanu, zawononga chani pa kampani.

Ndiye apa mundiuze zoona zokhazokha. Munavala malaya aja okhala ndi dzina la kampani pachifuwa? Galimoto ya kampani ikuoneka pa vidiyopo itaima panja pa bala? Amene munalimbana nayeyo ndi kasitomala wanu kapena mnzanu wa kuntchito? Nanga mutachoka pamenepo munayendetsa mutamwa? Ngati chimodzi mwa izi nchoona nkhani yanu yalemera, makamaka ya galimotoyo, chifukwa dalaivala amadya ndi chiwongolero ndipo abwana akati sangamukhulupirirenso khoti likhoza kuwamvetsa. Koma ngati munali m'zovala zanu, munabwera pa kabaza, munakangana ndi munthu wosadziwana ndi kampani, abwana avutika kuonetsa kuti zawapweteka pati. Kungoti "watichititsa manyazi" sikokwanira. Ndipo gawo 61 limasenzetsa iwowo udindo wopereka chifukwa ndi kuonetsa kuti anachita mwachilungamo, si inu woti mudziyeretse.

Chimene chimandiwawa ine nchakuti anthu ambiri amaluza mlandu woti akanawina chifukwa cha mantha. A HR, oyang'anira za antchito pa kampani, amakuitanira mu ofesi, chitseko chotseka, nkukuuza mokoma kuti ingolembani yosiya nokha kuti mbiri yanu isaipe. Chonde musalembe. Mukasiya nokha kumavuta kwambiri kudzanena kuti anakuchotsani. Pepala lililonse limene simunalimvetse musasayine, pemphani kope mukaliwerengere kunyumba.

Ngakhale mutakhala kuti munalakwadi, gawo 57 lomwelo limati akupatseni mwayi wodziteteza asanakuchotseni. Akuuzeni mlandu wake momveka, akupatseni nthawi yokonzekera, akumvereni. Akakuitanani ku hiyaring'i, kokamva mbali yanu, pitani, osanyanyala, mutenge buku la malamulo a kampani muone ngati muli mawu okhudza khalidwe la kunja kwa ntchito, ndipo mukumbutse kuti zaka 7 zonsezi mulibe chenjezo ngati zilidi choncho, poti mbiri yanu imawerengedwa poona kukula kwa chilango. Gawo 56 lili ndi zilango zocheperapo monga kalata yochenjeza, kuimitsidwa kapena kutsitsidwa udindo, koma kukulipiritsani faindi saloledwa. Nkhani ikafika ku polisi musaganize kuti kampani ikuyenera kudikira chigamulo cha majisitireti, ziwirizi zimayenda padera.

Akakuchotsanibe, muli ndi miyezi itatu yokha kuchokera tsiku limenelo yokadandaula kwa District Labour Officer, mkulu wa ofesi ya leba ya m'boma lanu. Iye akalephera kukuyanjanitsani pa mwezi umodzi nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya za ntchito, kwa inu ndi ku Blantyre konkuno. Khoti likapeza kuti anakuchotsani mopanda chilungamo litha kulamula kuti mubwerere pa ntchito kapena akupatseni chipukuta misozi, ndipo kwa munthu wa zaka zopitirira 5 koma zosapitirira 10 sichichepera malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chimene wagwira. Likapeza kuti anachita bwino, severance, ndalama yolipira zaka zomwe mwagwira ntchito ikamatha, simulandira, koma malipiro a masiku omwe munagwira ndi a tchuthi chomwe simunapite ndi anu ndithu.

Pakadali pano musayankhe aliyense pa Facebook za vidiyoyo, ngakhale akuputeni bwanji. Nditumizireni chithunzi cha kalata ya saspenshoniyo ndione ngati alembamo mlandu, masiku ake komanso za malipiro, ndipo mundiyankhe za malaya aja.