Zipilala za nkhondo kuno kumpoto: muyambire ku Karonga

Aphunzitsi ena a ku Luwinga ku Mzuzu anditumizira imelo, akuti ana awo a fomu 3 akuphunzira za nkhondo yoyamba ya dziko lonse ndiye akufuna akawaonetse chipilala cha asilikali, koma ndalama yokafikira ku Zomba palibe, kodi kuno kumpoto kuli koti angapite?

Kulipo aphunzitsi, ndipo kwa ine Karonga ikuposa Zomba pa nkhani imeneyi. Ku Zomba kuli nsanja ya asilikali a King's African Rifles (KAR) ija pafupi ndi Cobbe Barracks, yokongola inde, koma ku Karonga nkomwe mfuti zinaliradi. Pa 9 September 1914 Majeremani anatsika kuchokera ku Tanganyika kudzaukira Karonga, anakumana ndi asilikali a King's African Rifles, anagonja nkubwerera kwao. Manda a nkhondo imeneyo alipo mpaka lero mtauni momwemo, Angelezi ndi Majeremani agona mumpanda umodzi, si malo aakulu ayi mutha kuwadutsa osadziwa ngati simunafunse.

Koma mukafika musangojambulitsa nkumapita. Auzeni ana awerenge maina ali pamiyalayo mokweza, kenako muwafunse kuti nanga a Banda, a Phiri, a Mwakasungula ali pati? Chifukwatu amene ankamenyana mbali zonse ziwiri ambiri anali akuda, ma askari, azungu anali maofesala ochepa chabe. Ndiye panali a tengatenga, anthu ogwidwa m'midzi kuti azisenza katundu wa nkhondo pamutu ulendo wapansi mpaka mkati mwa Tanganyika, ambiri anafera m'njira ndi njala komanso matenda, ndipo awa mwala wolemba dzina lawo simuupeza wamba. Agogo athu ankati nkhondo ya Chiwaya. John Chilembwe analemba kalata ku nyuzi ya Nyasaland Times chaka chomwecho cha 1914 kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosakhala yawo, mu January 1915 nkuukira. Mwana amene waima pamandapo nkhani ya Chilembwe aimva mosiyana ndi kungoloweza manotsi a mayeso.

Mutuluke pamenepo mukalowe ku museum ya Karonga, inatsegulidwa mu 2004. Ndikudziwa ana akathamangira mafupa a Malawisaurus, chinyama chakalekale chija cha mtundu wa dinosaur, asiyeni aone kaye, koma mufunsenso za Mlozi, wogulitsa akapolo uja amene anamanga malinga ake cha ku Mpata, anamenyana ndi azungu zaka zingapo mpaka Harry Johnston anamugonjetsa nkumupachika mu December 1895.

Mtunda wochokera ku Mzuzu kukafika ku Karonga ndi wopitirirako makilomita 200 pa msewu wa M1, nyamukani mbandakucha, ndipo minibasi mukuchita hayala ikhale ya mabuleki abwino chifukwa pa Chiweta paja sipamasewera.

Thumba likakana ndithu, Nkhata Bay ili pafupi, makilomita pafupifupi 50 basi. Kumeneko kuli chikumbutso cha anthu amene asilikali anawombera pa doko pa 3 March 1959, tsiku lomwe bwanamkubwa Robert Armitage analengeza State of Emergency, anthu atasonkhana kufuna kuti atsogoleri a chipani cha Nyasaland African Congress omwe anatsekeredwa mu sitima ya Mpasa amasulidwe. Ena amati imeneyo si nkhondo, ine ndimati mfuti zake zinali za boma ndipo ofa anali athu, ana aone. Mukachita mwayi mupezanso a malipenga akuvina, muwaonetse ana mayunifolomu aja ndi kaguba kake, zonsezo anatengera ku perete wa asilikali.

Za Moyale Barracks ya ku Mzuzu mwafunsa kumapeto kwa imelo zija, dzinalo linachokera ku tauni ya Moyale pamalire a Kenya ndi Ethiopia komwe asilikali a ku Nyasaland anamenyana ndi Mataliyana mu 1940. Koma paja ndi kampu ya asilikali, simungangotulukira pageti ndi ana atanyamula mafoni. Lembani kalata kudzera kwa ahedi, muitumize nthawi ikadalipo, mudikire akuyankheni.