Chikho cha Nick Price cha 1994 sichinali chotola

Achimwene, mwafunsa ngati alipo munthu wa kuno ku Africa, kupatula a ku South Africa, amene anapambanapo umodzi mwa mipikisano inayi ikuluikulu ya gofu. Mnzathu wina wakuyankhani kale kuti ndi Nick Price wa ku Zimbabwe, ndipo dzinalo wakhoza. Koma pamene wawonjezera kuti "chikho cha ku Scotland chija anachita kupatsidwa ndi mnyamata wa ku Sweden amene analakwitsa," apo pokha ndiye ndakana. Nkhani ija anthu amaifotokoza theka, theka linalo n'kulisiya m'thumba. Ndiloleni ndiitambasule, ngakhale italikeko pang'ono.

Poyamba, kwa anzathu a mpira wamiyendo amene muli m'gulu muno: mipikisano inayiyo ndi Masters, PGA Championship, US Open ndi The Open ya ku Britain. Amasewera masiku anayi, maenje 18 tsiku lililonse, ndipo wopambana ndi amene wamenya mpira kochepa kuposa onse. Dzenje lililonse lili ndi mlingo wake, umene amati par. Ukalowetsa mpira utamenya kamodzi kochepera pa mlingowo ndi birdie, kawiri kochepera ndi eagle, ukapitirira ndi kamodzi ndi bogey. Mukagwira zimenezo, zotsalazi muzitsata bwinobwino.

Price anapambana mipikisano yotereyi katatu: PGA ya 1992 ku Bellerive, The Open ya 1994 ku Turnberry, ndi PGA ya 1994 ku Southern Hills. Anabadwira ku Durban mu 1957 koma anakulira ku Salisbury, yomwe lero ndi Harare, ndipo mbendera imene ankasewerera pa nthawi ya zikhozi ndi ya Zimbabwe. Choncho a ku South Africa asatilande, ndi wa kwa aneba athu.

Tsono kuti mumvetse za 1994, muyenera kuyamba mwadziwa mabala amene munthuyu anapita nawo ku Turnberry. Mu 1982, ali ndi zaka 25, ankatsogola The Open ku Royal Troon ndi mikwapulo itatu, kutangotsala maenje asanu ndi limodzi. Chikho chinali chitayamba kumununkhira. Kenako zinthu zinangoti balala: bogey pa dzenje la 13, n'kutaya iwiri pa 15, bogey inanso pa 17. Tom Watson, amene anali atamaliza kale kusewera ndipo amangoyembekezera, anatenga chikho ndi kusiyana kwa mkwapulo umodzi. Mu 1988 ku Royal Lytham analowa tsiku lomaliza akutsogola ndi iwiri. Ulendo uno sanagwe mphwayi, anasewera bwino ndithu, 69, koma Seve Ballesteros wa ku Spain tsiku limenelo anali ngati wadya moto, anamenya 65 n'kumuposa ndi iwiri. Kulephera koyambako kunali kwa iye mwini, kwachiwiriko anangokumana ndi munthu woti palibe akanamuimitsa. Zonse ziwiri zimapweteka, kungoti zimapweteka mosiyana.

Ndiye tifike pa Turnberry, m'mbali mwa nyanja kumadzulo kwa Scotland, bwalo lija la nsanja yoyera younikira zombo, ndipo kutali m'madzi kumaoneka chimwala chachikulu cha Ailsa Craig. Tsiku lomaliza linali Lamulungu pa 17 Julayi 1994. Okonda mpira tsikuli mukulidziwa ngakhale simukudziwa kuti mukulidziwa: ndi tsiku lomwe Roberto Baggio anaponyera penate kumwamba ku Pasadena, Brazil n'kutenga World Cup. Nanga dziko lonse maso ali kumeneko, ndani akanalabadira za gofu? Kwathu kuno ngakhale TVM inali isanayambe n'komwe. Ine ndemwe mpikisanowu ndinadzauonera patapita zaka zambiri, pa YouTube, ndipo maenje omalizawo ndawabwereza kangapo.

M'mawa wa tsikulo amene ankatsogola anali a ku America awiri, Fuzzy Zoeller ndi Brad Faxon. Kumbuyo kwawo ndi mkwapulo umodzi wokha kunali Price, Jesper Parnevik wa ku Sweden, Ronan Rafferty, ndi Tom Watson yemwe uja, ali ndi zaka 44, ndipo khamu lonse linali mbali yake chifukwa anapambanapo pa bwalo lomweli mu 1977. Watson anaonongeka pa dzenje la 8 ndi la 9, n'kuchoka pa mndandanda. Faxon anazilala. Pofika chakumapeto, nkhondo inatsalira anthu awiri, ndipo sanali kusewera limodzi: Parnevik anali patsogolo, Price akubwera kumbuyo. Chimenechi muchisunge, chifukwa nkhani yonse yagona pomwepa.

Parnevik anali mnyamata wa zaka 29, wowonda, wovala kapusi yopindira mlomo wake m'mwamba, mwana wa katswiri wa nthabwala wotchuka kwawo ku Sweden. Maenje khumi oyamba anangoyenda phee. Kenako anayatsa moto: birdie pa 11, pa 12, pa 13. Anapunthwa pa 15, koma nthawi yomweyo anabwezera ndi birdie pa 16 ndi pa 17. Poima pa dzenje lomaliza anali pa 12 pansi pa par, kutanthauza kuti mikwapulo yake yonse inali yochepera ndi 12 pa mlingo wa maenje onse amene anali atasewera, palibe womuposa, palibe wofanana naye.

Apa ndi pomwe pali cholakwa chimene mnzathu uja akunena, ndipo n'choona. M'bwalo la gofu mumakhala mabolodi akuluakulu osonyeza mmene aliyense akuchitira. Parnevik anali atasiya kuwayang'ana, poopa kuti manambala angamusokoneze mutu. Ankangomva kukuwa kwa anthu kumbuyo kwake, ndiye mumtima mwake anaganiza kuti wina wamupeza, ndipo kuti pa dzenje lomalizalo pakufunika birdie basi. Mbendera yosonyeza pamene pali dzenje inali pamalo ovuta. Munthu wodziwa kuti akutsogola akanangoponya mpira pakati pa gilini, malo a udzu wosalala ozungulira dzenje, kugogoda kawiri, n'kukakhala pansi kumwa madzi. Iye analunjika pa mbendera penipeni. Mpira unaperewera, unagwera mu udzu wautali, ndipo anatuluka ndi bogey. Anamaliza pa 11 pansi. Akuluakulu aja sananame kuti safunsa anadya phula. Bolodi linali pomwepo, kungodzutsa mutu basi.

Koma tsopano tiwerenge bwino, poti apa ndi pamene anthu amadumpha. Tiyerekeze kuti Parnevik sanalakwitse, wapeza par yake. Akanamaliza pa 12 pansi. Price anamaliza pa zingati? Pa 12 pansi. Ndiye kuti popanda cholakwa chija, Parnevik sakanapambana ayi, akanangofanana, n'kupita kukalimbana pa maenje owonjezera. Ndipo pamenepo akanakumana ndi munthu amene miyezi imeneyo ankaposa wina aliyense padziko lapansi. Bogey ya Parnevik inangotsegula chitseko theka. Amene anachikankha ndi phewa ndi Price.

Taonani mmene anachitira. Atamaliza dzenje la 15 anali pa 9 pansi, kumbuyo ndithu, maenje atangotsala atatu. Iyeyo mabolodi ankawayang'ana, ankadziwa chimene chikufunika. Pa 16 pali kamtsinje kodutsa kutsogolo kwa gilini, kamene kamameza mipira ya anthu amantha. Iye anawoloka bwino n'kulowetsa birdie. Wafika pa 10. Dzenje la 17 ndi lalitali, la par 5. Anamenya kawiri kokha mpira n'kufika pa gilini, koma unakaima kutali ndi dzenje, mamita pafupifupi 15. Amene munagwirapo putter, ndodo yogogodera mpira pa gilini, mukudziwa kuti pa mtunda wotere munthu sumaganiza zolowetsa. Umangopempha kuti mpira ukaime pafupi, usachite manyazi ogogoda katatu. Price anaugogoda, mpira unayenda, unatsetsereka, unakhota pang'onopang'ono, n'kumachita ngati ukutha mphamvu, iye akuutsatira cham'mbali, khosi lili tolotolo. Utafika pamlomo pa dzenje unangoti gwa. Eagle.

Munthu wofatsa uja, amene sankadziwika ndi zodumphadumpha, analumpha m'mwamba ngati mwana wa sukulu, n'kuthamangira kukakumbatira kade wake, munthu womunyamulira chikwama cha ndodo. Pa maenje awiri okha wadya mikwapulo itatu, kuchoka pa 9 kufika pa 12. Mukanena kuti mpira wa mamita 15 kulowa pamafunika kamwayi, sindikutsutsani. Koma kuti mwayiwo ukupeze, uyenera kukhala utafikitsa kale mpira pa gilini ndi mikwapulo iwiri, manja asakunjenjemera, uku ukukumbukira za Troon.

Ndipo kwa ine chokoma kwambiri si eagle ija ayi, ndi dzenje la 18. Mtima ukugunda, anthu akukuwa, chikho chimene chinamuthawa kawiri chili apo. Mu 1982 pamalo ngati amenewa ndi pamene anabalalika. Ulendo uno anadzikhazika mtima pansi, anasiya zofuna kuonetsa mphamvu, anaika mpira pabwino, wachiwiri anauponya pakatikati pa gilini, kutali ndi zoopsa zonse, n'kugogoda kawiri. Par. Ndendende chimene Parnevik anayenera kuchita mphindi zochepa m'mbuyomo pa dzenje lomwelo. Kusiyana kwa anthu awiriwa kunali komweko: wina ankadziwa pamene waima, wina ankangoganizira. Masiku anayi Price anamenya 69, 66, 67 ndi 66, zonse pamodzi 268. Parnevik 269, Zoeller wachitatu pa 271.

Polandira chikho chija, chimene chimaoneka ngati jagi yasiliva ndipo amachitcha Claret Jug, Price ananena mawu amene mpaka lero amakumbukika: kuti mu 1982 anachigwira ndi dzanja lamanzere, mu 1988 anachigwira ndi lamanja, ndipo tsopano wachigwira ndi manja onse awiri.

Ndipatuke pang'ono pa za kade uja, poti nkhani yake imandikhudza. Dzina lake anali Jeff Medlen, koma aliyense ankamutcha Squeaky chifukwa cha mawu ake aang'ono otswiitswii. Mu 1991 Price sanapite ku PGA chifukwa mkazi wake anali pafupi kuchira, ndiye malo ake anatenga mnyamata wosadziwika, John Daly, amene anali wachisanu ndi chinayi pa mndandanda wa odikirira. Daly anabwereka Squeaky yemweyo kuti amunyamulire chikwama, n'kupambana mpikisanowo. Chaka chotsatira Squeaky anapambananso PGA, tsopano ali ndi bwana wake weniweni. Anamwalira mu 1997 ndi khansa ya m'magazi. Amene mumapeputsa anyamata onyamula zikwama aja mukawaona ku Lilongwe Golf Club kapena ku Limbe, dziwani kuti pa gofu kade wabwino ndi maso achiwiri a wosewera.

Ngati wina akadali ndi chikayiko choti mwina ku Turnberry inali ngozi chabe, aone zimene zinachitika patangotha mwezi umodzi. Mu Ogasiti, ku Southern Hills mu mzinda wa Tulsa, Price anatsogola kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza n'kupambana PGA ndi kusiyana kwa mikwapulo isanu ndi umodzi, Corey Pavin ali wachiwiri. Kupambana The Open ndi PGA m'chaka chimodzi kunali kusanachitikenso chichitireni Walter Hagen mu 1924. Atatero anakhala nambala wani padziko lonse. Chaka chimenecho a ku America sanaone chikho ngakhale chimodzi mwa zinayi zija: Masters anatenga José María Olazábal wa ku Spain, US Open anatenga Ernie Els wa ku South Africa, ziwiri zotsalazo Price. Zitatu mwa zinayi zinabwera kuno kummwera kwa Africa.

Ndikudziwa kuti wina afunsa, ndiye ndiyankhiretu: inde, Price ndi mzungu, monganso Bobby Locke, Gary Player, Els, Retief Goosen ndi ena onse a ku Africa amene anapambanapo zikhozi. Sizodabwitsa, poti mabwalo a gofu m'mayiko athu ano kwa zaka zambiri munthu wakuda ankalowamo ngati wonyamula chikwama kapena wotchetcha udzu basi. Komabe ku Zimbabwe komweko kunatuluka Lewis Chitengwa, amene mu 1992 anapambana mpikisano wa achinyamata wa Orange Bowl ku Florida momwe munalinso Tiger Woods, ndipo mu 1993 anakhala wakuda woyamba kupambana South African Amateur. Price ankamuthandiza mnyamatayu. Anamwalira mu 2001 ku Canada ndi matenda oumitsa khosi, ali ndi zaka 26 zokha. Akanakhala ndi moyo, mwina funso lanuli tikanaliyankha ndi mayina awiri.

Za Parnevik, mwayi unamubwereranso mu 1997 ku Royal Troon, bwalo lomwe lija linaliza Price. Analowa tsiku lomaliza akutsogola ndi iwiri, Justin Leonard n'kumudutsa ndi 65. Anapambana mipikisano ina yambiri ku Ulaya ndi ku America, koma mwa zikho zinayi zija sanagwirepo ngakhale chimodzi.