Yankho kwa mayi ofunsa za mitengo ya zipatso ndi nkhuku pa puloti imodzi

Mayi, mwati puloti yanu ndi ya mamita 15 kwa 30 ndipo nyumba inadya kale theka. Mukufuna kudziwa ngati kotsalako mungadzale zipatso n'kuwetanso nkhuku 20, ngati nkhukuzo sizingaononge mitengo, komanso ngati chitosi mungamachitape m'khola n'kukathira pamtengo pompo. Zipatso ndi nkhuku zonse ziwiri zimatheka pamalo amenewo, ndipo zimathandizana ndithu, koma osati kuyambira tsiku loyamba. Mtengo wosakwana zaka 2 ndi nkhuku yongoyendayenda sizikhalira limodzi.

Mbande ikakhala m'chubu imanamiza, munthu n'kudzala mango anayi kuseri kwa khitchini. Mango ndi mapeyala amafuna mamita 8 kapena kuposerapo kuchoka pa mtengo wina kufika pa unzake, malalanje, manachesi, mandimu ndi magwafa mamita 5 mpaka 6, nthochi mamita 3, mapapaya mamita 2 ndi theka. Pamalo panupo musapitirire mtengo umodzi wa mango, umodzi wa mapeyala, umodzi wa mandimu, umodzi wa malalanje, ndi mapapaya 4 kapena 5 m'mbali mwa mpanda. Mitengo ikuluikulu iwiriyo italikire mamita osachepera 5 ku khoma la nyumba ndi ku dzenje la chimbudzi, ndipo isakhale pansi pa mawaya a ESCOM.

Gulani mbande zomezanitsa. Mango omezanitsa amayamba kubereka pa zaka 3 kapena 4 ndipo satalika kwambiri, pamene odzala njere mumadikira zaka 6 kapena kuposa, osadziwanso kuti atuluka otani. Tommy Atkins amapsa msanga, Kent ndi Keitt amachedwa, moti Keitt mumadya maboloma atatha kale pamsika. Pa mapeyala pali Hass, waung'ono wa khungu lokhakhala lomwe limada akapsa, ndi Fuerte amene amakhalabe wobiriwira. Pogula yang'anani chipsera cha pomwe analumikiza. Ngati palibe, imeneyo ndi mbande ya njere ngakhale wogulitsa alumbire. Alangizi a zaulimi a m'dera lanu angakulozereni nazale yodalirika, ndipo amene ali kufupi ndi Thyolo angathe kukafunsa ku Bvumbwe, komwe kuli malo ofufuzira za zipatso. Nthochi sindinaziike pa chiwerengero dala. Matenda a chisaka amayenda ndi ana a nthochi opemphana, alibe mankhwala, ndipo phata likagwidwa n'kuzula basi. Ngati mukuzifunabe, tengani mbewu komwe alangizi akutsimikizira kuti ndi yopanda matenda.

Dzenje likhale masentimita 60 mulitali, 60 mulifupi, 60 kuya, ndipo mulikumbe mu Okutobala kapena Novembala. Dothi lapamwamba liikeni pambali, mulisakanize ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa owolerana, mulibwezere m'dzenje kuti likhazikike. Kudzala ndi mu Disembala kapena Januwale mvula itakhazikika. Chotsani chubu, ndipo mbande isalowe pansi kuposa m'mene inakhalira m'chubumo. Polumikizira patsale pamtunda, pafupifupi masentimita 15 kuchoka pa dothi. Mukapakwirira, lalanje limaola patsinde n'kumatuluka utomoni, pakapita nthawi lauma. Ngati dothi lanu ndi lamakande losunga madzi, peyala ndi papaya muzidzale pa kachulu kokwezeka, chifukwa mizu yake imaola madzi akangokhala masiku ochepa. Mphukira zonse zotuluka m'munsi mwa polumikizira muzizithyola, apo ayi mtengo ubwerera ku mtundu wakale. Maluwa a chaka choyamba ndi chachiwiri muzichotsa, ngakhale mtima upweteke, kuti mtengo uyambe walimba kaye. M'chilimwe mbande imafuna ndowa ya malita 20 kawiri pa sabata.

Tsopano nkhuku ndi mitengo. Vuto si kudya masamba kokha, ngakhale papaya wamng'ono amamumaliza m'mawa umodzi. Vuto lenileni ndi kupalasa. Mukaphimbira patsinde ndi udzu, pansi pake pamakhala chinyontho ndi tizilombo, nkhuku n'kupeza poswera tsiku. Peyala ndi lalanje mizu yake yodyera ili pamwamba penipeni, ndiye ikafukulidwa n'kuombedwa ndi dzuwa la mu Okutobala, masamba amayamba chikasu, mwini wake n'kumaganiza kuti ndi matenda. Mtengo uliwonse uzungulireni ndi kampanda kotalika mita imodzi, kotalikira theka la mita kapena kuposa kuchoka patsinde. Waya wa nkhuku ndiye wabwino, koma bango kapena nsungwi zimagwiranso ntchito. Njira yotchipa kwambiri ndi kuyala zidutswa za njerwa pamwamba pa udzuwo: madzi amalowa, zikhadabo sizilowa. Udzu usakhudze tsinde, musiye mpata wokwana chikhatho, kuopa chiswe.

Zaka 2 zikapita, chotsani kampanda ka mango, nkhuku zikhale antchito anu. Zimapeza mthunzi ndi pobisalira kabawi, zimadya chiswe, zimatolanso mphutsi zochokera m'mango ndi magwafa ogwa pansi zisanalowe m'dothi kukasanduka ntchentche zoboola zipatso. Musazidalire zokha ayi. Zipatso zowola muzitola, muziike m'jumbo yakuda yomanga bwino padzuwa kwa masiku angapo, kapena muzikwirire mozama. Pansi pa peyala njerwa zija zisachoke, ndipo masamba, makoko ndi njere za mapeyala musamapatse nkhuku, zili ndi poizoni kwa mbalame.

Za chitosi, yankho ndi ayi, musathire chachiwisi. Chimatentha mizu, chimaitana ntchentche, ndipo chimakhala ndi majeremusi omwe simungawafune pa mango amene ana akutola pansi. M'khola yalani utuchi, mankhusu a mpunga kapena makoko a mtedza kukhuthala masentimita 10. Mukamachotsa, unjikani pamthunzi, muyezo umodzi wa chitosi ku miyezo 2 kapena 3 ya masamba ouma, muwaze madzi mpaka mukafinya m'dzanja muzimva chinyontho koma osadontha, mufunditse masaka. Tembenuzani masabata 2 alionse. Pakatha miyezi 2 kapena 3 muluwo umazizira, umada, fungo loboola mphuno limatha. Apo ndiye manyowa apsa. Phulusa musamathire pa mulu wachiwisi, limathawitsa chakudya cha mbewu chomwe mukuchifunacho.

Pothira, musaunjike patsinde. Kumbani kangalande kosaya mozungulira pomwe nthambi zathera, muthire, mukwirire, mvula ikamayamba. Mtengo wa chaka chimodzi theka la ndowa likwana, waukulu ndowa imodzi kapena ziwiri. Mango musawasangalatse kwambiri. Manyowa a nkhuku akachuluka amangochita masamba obiriwira bii, maluwa osaoneka, ndipo mtengo waukulu wa mango simuuthirira kapena kuupatsa manyowa m'miyezi yozizira usanachite maluwa. Manyowa otsala apite ku mapapaya, amenewo sakhuta.

Khola la nkhuku 20 likhale mamita 2 kwa 3, denga losadontha, mipata ya mpweya m'mwamba yotchinga ndi waya, mitengo yogonapo, ndi chisa chimodzi pa mathadzi 4 kapena 5. Tambala mmodzi akwanira mathadzi 10, ndipo kutauni kuno aneba adzakuthokozani pochepetsa phokoso la atambala. Ine ndingati yambani ndi misoti 10 ndi tambala, zina zidzaswana zokha. Za lokolo zimapirira ndipo zimafungatira bwino. Za Mikolongwe zimaikira mazira ambiri ndipo zimakula thupi, koma zimafuna chakudya chokwanira.

Chomwe chimatsekera anthu makola ndi chitopa, ena amati chideru. Nkhuku imazyolika, mapiko pansi, chitosi chobiriwira chamadzimadzi, ina khosi kupindika, ndipo pa sabata imodzi khola lingathe kutsala lopanda kanthu. Chilibe mankhwala. Tsabola, alovera ndi makapisozi a anthu sizichiza chitopa, ngakhale anthu anene kangati. Chitetezo ndi katemera. Wa I-2 ndi wosavuta: dontho limodzi m'diso limodzi, nkhuku iliyonse kuyambira mwanapiye, kubwereza miyezi 4 iliyonse. Mukatsata Malichi, Julaye ndi Novembala zimayenda bwino, ndipo wa Julaye ndiye musamuphonye, chifukwa chitopa chimavuta kwambiri nyengo yotentha ikamayamba. Temerani m'mawa, pamthunzi, nkhuku zili bwinobwino. Yodwala kale katemera saithandiza. Botolo limakhala ndi madontho ambiri kuposa nkhuku zanu ndipo likatsegulidwa silisungika nthawi yaitali, choncho gwirizanani ndi aneba mutemere tsiku limodzi. Nkhuku yogula pamsika kapena yopatsidwa kumudzi ikhale payokha masabata 2 isanasakanizidwe ndi zinzake. Yakufa yokha ikwiriridwe mozama, osaitaya kudzala komwe agalu akaikoke.

Utitiri womamatira m'maso ndi pa lipombo pakani Vaseline, umafa wokha, ndipo musesere khola kawirikawiri chifukwa mazira ake amakhala m'fumbi. Ikani beseni lakale la mchenga ndi phulusa pamalo ouma kuti zizisambamo. Anapiye ambiri amatha m'masabata 6 oyamba ndi akabawi, akhwangwala, chisanu ndi kumira m'mbale ya madzi. Atsekereni ndi make pamalo otchinga pamwamba, ndipo m'mbale ya madzi muike timiyala.

Pa puloti yaing'ono nkhuku 20 sizingakhute ndi zotola, ndipo madeya okha sabweretsa mazira. Thadzi limadya magalamu pafupifupi 110 mpaka 120 pa tsiku. Pa makilogalamu 10 a chakudya, ikani 7 a madeya, 2 a soya wokazinga ndi kugaya, otsalawo fumbi la usipa kapena la matemba, ndi kamchere pang'ono. Soya wosakazinga amalepheretsa chakudya kugayika m'mimba. Zikamba za mazira muziwotche n'kusinja musanazipatse, kuti zisaphunzire kuswa mazira awo. Madeya a nkhungu tayani, musawaumirire.

Tsiku lomwe mwapopera mitengo mankhwala, nkhuku zitsekereni ndipo muwerenge pa botolo masiku oyenera kudikira. Samalani kwambiri ndi mankhwala a chiswe ndi nyerere othira patsinde: nkhuku imatola chiswe chakufacho, kapena timibulu ta mankhwalawo, n'kufa tsiku lomwelo. Ngati mwawathira, kampanda ka mtengo umenewo kakhale kotseka mpaka pansi.