Funsani Amisiri: Nambala za Swap Sizikoperedwa kwa Mnzako

Funso: Ndili ndi kashopu kotayipira ndi kupulinta pa Mangochi Boma. Laputopu yanga ndi yakale, RAM yake 4 GB, hadi disiki yozungulira ija, ndipo muli Linux Mint. Ndikatsegula Firefox ndi LibreOffice nthawi imodzi imafiriza, kanyali ka disiki n'kumangoyaka osazima. Mnzanga anati nditsitse swappiness ifike 10 monga anachitira iye. Ndinatsitsa, koma vuto likadalipo. Ndalakwitsa pati?
Bambo wa pa Boma

Yankho: Bambo, nambala ya 10 ikhoza kumamuyendera bwino mnzanuyo ngati makina ake ali ndi RAM yambiri. Pa makina anu ikuwonjezera vuto.

Kernel, yomwe ndi mtima wa Linux, imagawa RAM, malo omwe makina amasungiramo zomwe akugwira panthawiyo, m'tizigawo totchedwa masamba. Pa makina a Intel ndi AMD tsamba limodzi ndi 4 KB, ndiye mu 4 GB muli masamba opitirira pang'ono miliyoni imodzi. Masambawa ali mitundu iwiri. Ena ndi makope a mafayilo omwe ali kale pa disiki. Malo akachepa, kernel imangowataya podziwa kuti idzawawerenganso. Ena ndi zomwe pulogalamu ikugwira panthawiyo, monga kalata ya kasitomala yomwe mukutayipa. Amenewa alibe kwina kokhala, choncho akamachotsedwa mu RAM amayamba alembedwa mu swap, malo a pa disiki osungirako zomwe zasowa malo mu RAM. Zili ngati thandala la usipa likadzaza: china chiyenera kuyoledwa kuti chatsopano chiyanikidwe. Swappiness imauza kernel kuti pa mitundu iwiriyi iziyola kwambiri uti. Makina amabwera ili pa 60. Ambiri amati nambalayi ndi peresenti ya RAM yomwe ikadzaza swap imayamba. Si zoona, ndipo malangizo ambiri olakwika amachokera pamenepa.

Pa 10, kernel imaumirira masamba a mapulogalamu n'kumataya makope a mafayilo. Koma pakati pa makopewo pali zidutswa za LibreOffice yeniyeniyo. Imataya, pulogalamu n'kuzifuna, iwerengenso, itayenso. Hadi disiki yozungulira imatenga pafupifupi 10 ms (gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi) kuti kamkono kake kafike pamalo ofunikira, pomwe RAM imayankha mofulumira kuposa pamenepo ka 100,000. Kanyali kosazima kaja ndi kameneka.

Musanasinthe kanthu, yezani. Tsegulani terminal, windo lolembamo malamulo, lembani vmstat 1, kenako gwirani ntchito monga mwa masiku onse. Yang'anani mizere ya si ndi so, yomwe ikusonyeza zolowa ndi zotuluka mu swap, komanso wa, yosonyeza nthawi yomwe purosesa yangokhala kudikira disiki. Ngati wa ikukwera nthawi yomwe makina afiriza, ndipo free -h ikusonyeza kuti pa available patsala 300 MB kapena kucheperapo, RAM yachepadi. Ngati zonsezi zili bwino koma makina akuchedwabe, ganizirani kutentha. Mu Okutobala kuno kunyanja, fumbi likatseka fani, purosesa imadzichepetsera liwiro yokha, ndipo palibe nambala ya swap yomwe ingathandize.

Pa makina ngati anu timalangiza zram. Iyi ndi swap yokhala mu RAM momwemo, koma masamba amapanikizidwa, nthawi zambiri kuchepa kawiri kapena katatu. Fedora, mtundu wina wa Linux, inayamba kubwera nayo yoyatsiratu mu 2020. Lembani sudo apt install zram-tools, kenako tsegulani fayilo ya /etc/default/zramswap muikemo mizere iyi:

ALGO=lz4
PERCENT=50
PRIORITY=100

Tasankha lz4 ngati njira yopanikizira chifukwa silemetsa purosesa yakale. Njira ina, zstd, imapanikiza kwambiri koma imadya mphamvu. Mukatero pangani fayilo ya /etc/sysctl.d/99-zram.conf yokhala ndi vm.swappiness=133 ndi vm.page-cluster=0. Inde, tsopano nambala ikukwera m'malo motsika, chifukwa swap yanu yakhala yofulumira kuposa disiki, ndiye ndi bwino kernel iziyamba kupanikiza masamba isanataye makope a mafayilo. Nambala zopitirira 100 zinayamba kuloledwa mu kernel 5.8; lamulo la uname -r likuuzani yomwe muli nayo, ndipo ikakhala yakale imani pa 100. Page-cluster imabwera ili pa 3, kutanthauza kuti masamba 8 amawerengedwa pakamodzi pofuna kuchepetsa maulendo a kamkono ka disiki. Mu zram mulibe kamkono, ndiye 0 ndi yoyenera.

Musaiwale kufufuta mzere wa 10 uja pomwe munaulemba, apo ayi nambala ziwirizi zizilimbana. Zimitsani makina, muyatsenso, lembani swapon --show. Muyenera kuona /dev/zram0 ili ndi 100 pa PRIO. Swapfile yakale ya pa disiki isiyeni: kernel iziigwiritsa ntchito zram ikadzaza, m'malo mopha Firefox mwadzidzidzi.

Zikatheka onjezerani RAM, chifukwa ndiwo mankhwala enieni. Lamulo la sudo dmidecode -t memory limasonyeza ngati pali malo otsala ndi mtundu wofunika. Samalani pogula: DDR3 ndi ya 1.5 V, DDR3L ndi ya 1.35 V, ndipo malaputopu ena amakana ya 1.5 V ngakhale ilowe bwinobwino.

Funso: Kusukulu kwathu tili ndi kakompyuta ka Raspberry Pi 5 koyendera sola. Tinaikamo swap ya 2 GB pa memori khadi, ndipo khadiyo yafa chaka chisanathe. Palinso pulogalamu ina yomwe ikukana kuyamba, ikudandaula za page size.
Mphunzitsi wa ku Namwera

Yankho: Aphunzitsi, memori khadi ili ndi malire a kulembedwa, ndipo swap imalemba tizidutswa ting'onoting'ono kosalekeza. Chotsani swap ya pa khadi, mugwiritse ntchito zram yokha. Za page size, kutanthauza kukula kwa masamba a RAM, n'chifukwa chakuti Raspberry Pi OS imayendetsa Pi 5 ndi kernel ya masamba a 16 KB. Lembani getconf PAGESIZE, muona 16384. Mapulogalamu ena anapangidwa poganiza kuti makina onse ndi a 4096. Mu fayilo ya /boot/firmware/config.txt onjezerani mzere wa kernel=kernel8.img, muyatsenso makina, ndipo masamba abwerera pa 4 KB. Liwiro litsika pang'ono, koma pulogalamuyo iyamba.

Funso: Pa malo athu ogona alendo tili ndi kompyuta ya RAM ya 16 GB yokhala ndi Ubuntu. Ndimakopera zithunzi pa fulashi, makina n'kunena kuti zatha. Magetsi akathima pasanapite nthawi, zithunzizo sizitseguka.
Mayi wa ku Monkey Bay

Yankho: Mayi, pano vuto labwera ndi kuchuluka kwa RAM. Mukamakopera, kernel imalandira fayilo mu RAM n'kuuza pulogalamu kuti yalandira, kenako imalemba pa fulashi pang'onopang'ono. Pali nambala ziwiri zolamulira zimenezi. Vm.dirty_background_ratio imabwera ili pa 10: zodikira kulembedwa zikafika 10 peresenti ya RAM yomwe ilipo, kernel imayamba kulemba. Vm.dirty_ratio ili pa 20: zikafika apa, pulogalamu imaimitsidwa kaye. Pa makina a 2 GB zimenezi ndi zochepa. Pa anu a 16 GB zikhoza kuyandikira 3 GB, ndipo fulashi yolemba 10 MB pa sekondi ifunika mphindi zisanu kuti imalize. Magetsi akathima mkati mwa mphindi zimenezi, zonse zomwe zinali mu RAM zapita.

Pangani fayilo ya /etc/sysctl.d/99-dirty.conf muikemo vm.dirty_background_bytes=16777216 ndi vm.dirty_bytes=67108864, kenako lembani sudo sysctl --system. Nambalazi ndi 16 MB ndi 64 MB. Mukaika za bytes, za ratio zimasanduka 0 zokha, musadabwe. Kukopera kuzioneka ngati kwayamba kuchedwa, koma kumeneko ndiye kuthamanga kwenikweni kwa fulashi yanu, ndipo kamzere kosonyeza pomwe mwafika kaziyenda moona.

Musanazule fulashi lembani sync, mudikire mpaka terminal ikupatseni mzere watsopano. Mukafuna kuona ndi maso, grep Dirty /proc/meminfo imasonyeza zomwe zatsala kulembedwa. Nambalayo ikatsikira pafupi ndi 0, zulani. Ka UPS kakang'ono (batire yoyendetsa kompyuta magetsi akathima) kokhalitsa mphindi khumi kangakwanire kuti makina amalize kulemba ndi kuzima bwino.