Kwa inu mwangofika kudzagwira ntchito kumapiri a sinowo ku Colorado

Achimwene ndi achemwali amene mwangotula zikwama ku Frisco, ku Silverthorne kapena ku Breckenridge, takulandirani. Ena mwadzera ku Joni, ena ndinu ana asukulu a visa ya J-1, ena mwabwera pa visa ya antchito anyengo ya H-2B, koma nonse pa fomu munakumana ndi funso limodzi: mukufuna ku lifiti (mipando yolendewera pa chingwe yokweza alendo m'phiri), kopanga sinowo, kapena kosalaza njira zotsetserekamo? Ambiri timangochonga pamene cholembera chagwera. Tsono khalani pansi ndikuuzeni zimene munachongazo.

Thupi liyambe lazolowera. Tawuni ya Breckenridge ili pamtunda wa mamita oposa 2,900, kutanthauza kuti bedi lanu latsala pang'ono kulingana ndi nsonga ya Sapitwa pa Mulanje, ndipo kuntchito mukakwera kuposa pamenepo. Lifiti ya Imperial Express imakatsitsa anthu pa mamita 3,914. Mutu uwawa, tulo tivuta, masitepe ochepa chabe akupumitsani wefuwefu. Imwani madzi ambiri, mowa muyambe mwausiya kaye. Koma ngati mpweya ukubanika muli chikhalire, kapena chifuwa chayamba kulira m'kati, musadikire kuti kuche. Pitani kuchipatala.

Kuzizira mudzazolowera, mpweya mudzazolowera. Chimene ndaona chikuvuta anthu akwathu kuno ndi ulemu. Tinaleredwa kuti wamkulu akafotokoza umati "chabwino bwana" ngakhale sunamve, mlendo sumukaniza, ndipo kuimitsa ntchito ya anthu ambiri chifukwa cha iwe wekha ndi mwano. Khalidwe limeneli ndi labwino pa mudzi. Pa phiri limathyola anthu miyendo.

Ndiyambe ndi opanga sinowo, chifukwa ndi amene amayamba phiri likadali la udzu. Pofika October, mapiri a Arapahoe Basin, Keystone ndi Loveland amakhala akulimbirana kuti atsegula ndani poyamba, ndipo sinowo yomwe amatsegulirayo nthawi zambiri imakhala yopangidwa ndi anthu. Kapangidwe kake si kamatsenga. Mapampu amakoka madzi mumtsinje kapena m'damu n'kuwakankhira m'mapayipi okwiriridwa m'phiri lonse, ndipo makina amene timawatcha mfuti amawawaza m'mwamba ngati nkhungu kuti timadontho tiume tisanafike pansi. Mfuti zina zili ndi chokupizira mphepo chachikulu choyendera magetsi, zina ndi ndodo zazitali zogwiritsa mpweya wopanikizidwa. Mudzaona mayina ngati TechnoAlpin, SMI ndi HKD atalembedwa m'mbali. Zomwe zimagwazo ndi timibulu tolimba, tolemera kuposa sinowo yakumwamba, n'chifukwa chake zimapirira dzuwa ndi mapazi a anthu mpaka nyengo kutha.

Nambala imene imalamulira moyo wanu wonse kumeneko ndi wet-bulb, yomwe imaphatikiza kuzizira ndi chinyontho cha mumpweya. Ikafika 28°F, cha m'ma -2°C, mfuti zitha kuyatsidwa, koma zimangotulutsa pang'ono. Ikatsika kwambiri ndiye kapitawo amasangalala, ndipo usiku umenewo simupuma. Mpweya wa ku Colorado ndi wouma, moti nthawi zina sinowo imapangika thermometer ikusonyeza pamwamba pang'ono pa 32°F. Zolowerani Fahrenheit msanga. Wina akati kunja kuli ziro, akunena -18°C, osati ziro yathu ija.

Shifiti nthawi zambiri ndi ya maola 12, ndipo ina imayamba pakati pa usiku. Mumatsika phiri wapansi kapena pa snowmobile (njinga yamoto ya pa sinowo), tochi pachipumi, kuyendera mfuti imodzi imodzi. Mumalowa pansi pa nkhungu ija, n'kutambasula mkono kuti zigwere pa jekete. Timibulu tikamadumpha, sinowo ndi youma bwino. Tikamamatirira n'kunyowetsa nsalu, madzi achuluka, chepetsani. Mphepo ikatembenuka, mfuti imayamba kudzikwirira yokha kapena kukuta mitengo ndi mipando ya lifiti, ndiye muikoke, muitembenuze, mufukule payipi ndi fosholo zala zitauma gwa. Milu yaitali imene imapangikayo amaisiya tsiku limodzi kapena awiri kuti madzi atsike asanaisalaze.

Apa ndi pamene ulemu uja umapweteka. Madzi a m'mapayipi amenewa amakhala ndi mphamvu yoopsa, makamaka kumunsi kwa phiri kufupi ndi mapampu. Payipi ikaphulika kapena cholumikizira chikamasuka, imakwapula chilichonse chili pafupi. Musaidumphe mwachibwana, musaime motangadza pamwamba pake, musaweramitse nkhope pa hydrant (mpopi umene payipiyo imalumikizidwapo) potsegula. Pali dongosolo la choyamba kutsegula ndi choyamba kutseka pakati pa mpweya ndi madzi, ndiponso kakhuthulidwe ka payipi kuti isaume m'kati. Kapitawo adzakuonetsani kamodzi, mofulumira, mfuti zikulira, m'Chingerezi cha m'mphuno. Ngati simunamve, nenani kuti abwereze. Abwerezenso kachitatu. Ndaonapo mnyamata wodzichepetsa kwambiri atagwedeza mutu kuti wamva, kenako n'kumasula payipi imene inali isanaphwe. Mwamwayi inangomugwetsa n'kumuthyola dzino. Palibe amene akanamuseka akadafunsa. Zotseka m'makutu valaninso, phokoso la mfuti za mpweya limagonthetsa pang'onopang'ono munthu osazindikira.

Dziwaninso kuti ntchito imeneyi imatha msanga, kawirikawiri cha m'ma January. Funsani lero lomwe kuti ikatha adzakuikani kuti, maola anu angadzatsike mwadzidzidzi lendi ikudikira.

Za osalaza sinditalikitsa, chifukwa wongobwera kumene kawirikawiri sapatsidwa chiwongolero cha snowcat. Ndi zigalimoto zoyenda pa matcheni, za PistenBully kapena Prinoth, zokhala ndi chokankhira kutsogolo ndi chogaya kumbuyo chomwe chimasiya mizeremizere imene alendo amaikonda m'mawa. Amayamba lifiti zikatsekedwa madzulo mpaka kuche. Chimene chikukukhudzani inu ndi ichi: pamalo otsetsereka kwambiri galimotoyo imamangiriridwa pamwamba ndi chingwe chachitsulo chotalika mwina kilomita yathunthu. Chingwecho chimatha kubisala m'sinowo, kenako n'kudumpha mwamphamvu galimoto ikatembenuka kutali uko inu osaiona. Mukaona chikwangwani kapena nyali yochenjeza za winch, kutanthauza chingwe chimenechi, musadutse, ngakhale njira yozungulira italike bwanji. Ndipo musayandikire snowcat woyendetsa asanakuoneni ndi maso kapena kukuyankhani pa wayilesi. Amene mumadziwa mathirakitala kapena zigalimoto za mumsewu, muuzeni kapitawo wa kumeneko. Chaka chamawa angakukumbukireni.

Ambiri a inu muli ku lifiti, ndipo anthu adzakutchulani kuti liftie. Kunja kukadali mdima mumakhala mutafika, kukumba sinowo yomwe yagwa usiku, kusalaza pokwerera ndi potsikira ndi fosholo ndi reki, kuimika zingwe za mzere, kupukuta mipando, kuyesa mabatani onse oimitsira n'kulemba m'buku. Mukamva kuphulika kumtunda musathawe, ndi a ski patrol, oyang'anira chitetezo pa phiri, akugwetsa dala sinowo ya m'zigwembe ndi mabomba alendo asanakwere. Buku lija musalitenge ngati mwambo chabe. Boma la Colorado lili ndi bungwe lake loyang'anira malifiti, Colorado Passenger Tramway Safety Board, ndipo oyendera ake amatha kufika osanena. Musasainire chinthu chimene simunayese, ngakhale mnzanu wakale pa ntchito akuuzeni kuti aliyense amatero.

Malifiti alipo amitundu iwiri. Amakono, ambiri a Doppelmayr kapena Leitner-Poma, amathamanga pafupifupi mamita 5 pa sekondi, koma mpando ukafika pa siteshoni umamasuka pa chingwe n'kumayenda pang'onopang'ono kuti anthu akhale bwino. Akale aja mpando ndi womangiriridwa pa chingwe, sumasuka, ndipo ngakhale liwiro lake ndi theka chabe, umafika pa munthu ndi liwiro lomwelo. Ntchito yanu ndi kuugwira, kuukokera m'mbuyo pang'ono ndi thupi lonse, n'kuupereka mofewa kuseri kwa mawondo a mlendo. Mpando ndi mpando, tsiku lonse. Gwiritsani miyendo, osati msana, apo ayi pofika Khirisimasi mukhala mukuyenda ngati agogo.

Tsono batani lofiira. Mverani bwino pamenepa. Batani limenelo ndi lanu, simupempha chilolezo kwa munthu. Mwana wakhala m'mphepete mwa mpando, dinani. Wina wagwa potsikira ndipo mpando wina ukubwera, dinani. Lamba wa chikwama wakola, munthu akuzungulira ndi mpando osatsika, dinani. Mzere udzakhala wautali, anthu olipira ndalama zambiri adzakuyang'anani ndi diso loipa, wina adzang'ung'udza kuti lifiti ino imangoima. Asiyeni. Kuimitsa pachabe kumatayitsa mphindi imodzi, pomwe kuzengereza kumakweza mwana m'mwamba akulendewera. Sindinamvepo kapitawo wanzeru akukalipira munthu chifukwa choimitsa. Chimene amachotsera anthu ntchito ndi foni m'manja, maso kumbali, kapena kuyatsanso lifiti mnzako wa kumtunda asananene kuti kwayera. Ikaima yokha n'kuonetsa vuto pa bolodi, itanani amakaniko. Musamangodina reset kuti muoneke ochangamuka.

Kukaniza mlendo nakonso muphunzire. Bambo wamkulu msinkhu wa atate anu adzafuna kukwera ataledzera, kapena ndi khanda m'chikwama chakumsana, kapena mphepo itakula lifiti itaimitsidwa. Lilime lathu limafuna kuyamba ndi "pepani" katatu kenako n'kulolera. Nenani "ayi" mwaulemu koma momveka, mukumuyang'ana m'maso, ndipo akalimbikira itanani kapitawo pa wayilesi. Kuno kuyang'ana pansi polankhula sakuona ngati ulemu, amaganiza kuti mukukayika kapena mukubisa kanthu. Pa wayilesi pomwepo lankhulani mwachidule: ndinu ndani, muli pati, chachitika n'chiyani. Moni wautali mudzapatsana pa basi.

Amene adzakuikani m'kanyumba ka pamwamba, chenjerani ndi tulo. Mumakhala nokha, hita ikutentha, mipando ikubwera mofanana kwa maola. Tulukani kawirikawiri, konzani potsikira, lankhulani ndi otsika. Madzulo mukauzidwa nambala ya mpando womaliza, muuone ndi maso anu ukufika. Kuiwala munthu pa lifiti usiku wa kuno ndi nkhani ya maliro.

Zovala: jekete ndi thalauza la yunifomu adzakupatsani, koma zamkati ndi zanu. Thonje lisakhudze khungu, chifukwa likanyowa ndi thukuta limazizira ndipo siliuma. Gulani za ubweya kapena za pulasitiki zija zamasewera, ndipo m'masitolo a kaunjika a konkuno zimapezeka motchipa. Sokosi imodzi yabwino imaposa zitatu zothinana, popeza nsapato ikathina magazi sayenda. Magolovesi akhale awiri, ena aziuma pa hita. Pa khungu lakuda chizindikiro choti chala kapena tsaya layamba kuuma sichioneka msanga monga pa azungu, choncho musadalire mtundu. Pakachita dzanzi, pakalimba, lowani m'nyumba, ndipo musapatikite. Dzuwa la pamwamba pano likagunda sinowo limawotcha maso ndi milomo ngakhale yathu, ndiye magalasi ndi mafuta oteteza si za azungu okha.

Mukavulala pa ntchito, ngakhale pang'ono, nenani tsiku lomwelo ndipo zilembedwe. Inshuwalansi ya ovulala pa ntchito ilipo kwa inunso, koma bondo lomwe mwalibisa milungu itatu poopa kuoneka aulesi lidzavuta kulitsimikiza. Mukavulala mukusewera pa tsiku lopuma, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo chipatala cha ku America si chocheza nacho. Werengani pepala la inshuwalansi yanu musanavale ma ski. Komabe phunzirani kutsetsereka. Chiphaso chokwerera mumapatsidwa, maphunziro a antchito amakhalapo, ndipo wodziwa kutsika yekha amatumidwa malo ambiri, maola ake amachuluka. Ingoyambani ndi njira zosavuta za chizindikiro chobiriwira, osatengeka ndi anyamata a ku Argentina ndi ku Chile amene ena anakulira pa sinowo.

Nyumba ya kampani, ngakhale mugone anayi m'chipinda, igwiritseni, chifukwa lendi ya kunja m'chigawo chathu chino cha Summit imameza malipiro onse. Kumbukirani kuti nyumbayo imayendera limodzi ndi ntchito: mukachotsedwa, bedi lapitanso. Basi ya Summit Stage ndi yaulere, galimoto musathamangire kugula. Pa nkhani ya mphika, pamtunda pano madzi amawira asanatenthe mokwanira, cha m'ma 90°C, ndiye nyemba zimatha tsiku lonse pamoto. Sonkheranani mugule pressure cooker. Ufa wa masa wa m'masitolo a anthu a ku Mexico nsima yake imamveka laimu, funani ufa woyera wamba, kapena tumani amene akutsikira ku Aurora, kufupi ndi Denver, kumasitolo a anthu a ku Africa.

Mapiri ambiri amatseka mu April kapena May, ndipo maola amayamba kuchepa nthawi isanakwane, choncho ndalama ya tikiti ndi ya kumudzi muisunge mu December ndi January ntchito ikadali yambiri. Tsiku lotha chilolezo chanu lilembeni pakhoma. Wina akadzakunong'onezani za ganyu ya m'khitchini ku Denver yolipira pamanja, mufunseni ngati iye angathe kupita kwawo n'kubwereranso. Musananyamuke, pemphani kapitawo kalata yonena kuti akufunanso chaka chamawa, ndipo musiye adiresi yolondola kuti fomu ya msonkho ya W-2 idzakupezeni.